Mawu Akuti Angofooka Pang'ono

Kitwe
14 Novembala

Wokondedwa mng'ono wanga Rosina,

Landira moni wochokera kuno ku Kitwe. Kodi muli bwanji kumeneko ku Kasenengwa, iwe, alamu ndi ana? Nanga amama ali bwanji? Funso lachiwirili ndi limene landigwiritsa cholembera lero. Ife kuno tilipo, kupatula bondo langa lija lodana ndi masitepe a kusukulu. Mvula yagwa kawiri, ndipo fungo la dothi landikumbutsa masiku amene tinkadzala nsawa kuseri kwa nyumba ya aphunzitsi, atate akutiyezera mizere ndi chingwe ngati akulemba pa bolodi.

Kalatayi ndapatsira aShepherd, aneba athu oyendetsa lole yopita ku Mwami. Akaisiya pa shopu ya alamu ku Chipata. Ndasankha kulemba chifukwa pa foni masiku ano umandithamangitsa, nthawi zonse umati netiweki ikuvuta.

Lamlungu lililonse tikabwera kutchalitchi, ine ndi mwana wanga Cynthia timaonera sewero lina pa TV. Ndi la mayi wamasiye wa kumudzi amene akudwala chifuwa, mwana wake wamwamuna ali kutauni. Mayiyo amamanga duku ngati amama, mfundo pambali pa khutu, ndipo akatsokomola amanamizira utsi. Lamlungu lapitali anamwalira. Malume a mnyamata uja anaimba foni kutauni, namuuza kuti amayi ake adwalako, akapeza mpata abwere adzawaone. Kumbuyo kwawo anthu anali akutulutsa kale mipando m'nyumba.

Cynthia anakwiya, akuti madalawo ndi abodza, munthu wa imvi kumanama maliro ali pakhomo. Ataona kuti ndikupukuta misozi ndi chitenje anandiseka, akuti ndisadzivute, mayiyo ali moyo, dzulo lomwe anamuona akutsatsa sopo. Ndinamufotokozera kuti kwathu limenelo si bodza. Munthu wa paulendo sauzidwa za imfa, kuopa kuti angakomoke panjira. Amauzidwa za matenda, zotsalazo amayenera kuzimva yekha. Anandifunsa kuti nanga akapanda kuzimva?

Yankho lake iwe ukulidziwa. Chaka chimene ndinayamba kuphunzitsa ku Mongu, amalume aYosefe anaimba foni ku ofesi ya ahedi, akuti atate afooka pang'ono. Ine, ndi sukulu yanga yonseyi, ndinawamva mawuwo monga momwe analili. Ndinakhala masiku anayi ndikumaliza kuchonga mayeso. Ndinawagulira atate malalanje, poti ankawakonda akadwala malungo. Nditatsika basi pamsewu, munthu woyamba kumuona unali iwe, uli pa mjigo, mutu wometa. Unangotula ndowa pansi. Malalanje aja anadya anthu obwera kudzapepesa.

Tsono Lachiwiri lapitali unandiuza kuti amama angofooka pang'ono. Mawu omwe aja, Rosina. Nditapempha kulankhula nawo unati agona. Nditaimbanso mawa lake unatinso agona, dzuwa lili paliwombo. Amama athu omwewa, amene ankatidzutsa ndi tsache tikagona masana? Ndipo kumbuyo kwako ndinamva amayi a chigwirizano akuimba motsitsa mawu, pomwe silinali tsiku lawo losonkhana.

Mwina sewerolo ndi limene landisokoneza mutu, ndipo ukuseka powerenga. Ndingakondwe zitakhala choncho. Koma kuno mayeso a giredi 12 ali mkati, ndipo ine ndine mmodzi wa oyang'anira. Ahedi anandiuza kuti angandilole kuchoka pokhapokha matenda atakhala aakulu, kenaka anandifunsa kuti amama ali bwanji kwenikweni.

Pempho langa ndi limodzi. Ukangowerenga kalatayi undiimbire, uwaikire amama foni pafupi. Ngakhale asalankhule, ndimveko kupuma kwawo. Ngati matenda ndi aakulu, unene kuti ndi aakulu, ndikwera basi tsiku lomwelo. Ngati atisiya kale, undiuze ndi mawu amenewo. Ndili ndi zaka makumi asanu ndi ziwiri, sindikomoka m'basi. Ndikudziwa kuti mumatero pondimvera chisoni, koma ulemu umene anandichitira amalume usandichitirenso iwe.

Upereke moni kwa alamu aEdmond, kwa amalume ndi akazi awo, kwa azakhali a ku Mwami, ndi kwa ana onse. Cynthia akuti moni kwa inu amayi ake aang'ono. Moni wa amama sindikukutuma, ndikufuna kuwapatsa ndekha.

Ndine mkulu wako,
Mainess