Boti la Injini Likufuna Thanga

Ezbet el-Borg,
Novembala, 1978

Okondedwa Bambo,

Mtendere wa Mulungu ukhale nanu, inu ndi onse a pakhomopo. Kodi mukupeza bwanji? Maso aja akuti bwanji masiku ano? Nanga chifuwa cha Amayi chinatha? Kuno tili bwino, ine, mpongozi wanu Zakiya ndi ana. Kuzizira kwayamba, ndipo makoma a nyumba ayambanso kununkha chinyezi monga amachitira chaka chilichonse.

Iwe Shaaban mng'ono wanga, ndikudziwa kuti ukuwerenga ndiwe. Uwerenge zonse, usadumphe pena pondimvera chisoni.

Bambo, Shaaban anandilembera kuti zoti ndagulitsa ngalawa munazimva kwa anthu a m'sitima ine ndisanakuuzeni, ndipo tsiku limenelo simunadye. Akuti munangonena kuti mwana amene wasiya mphepo yaulere n'kukagula utsi mulibe naye mawu. Ndalemba kuti mumve kwa mwini wake.

Thanga sindinalisiye chifukwa cha matama. Chitsekereni mtsinje ndi damu lalikulu lija kwathuko, nsomba zija zinkadzibweretsa zokha kuno kumathiriro zinatha. Zotsala zili kutali, kozama. Ngalawa ya thanga imakafika dzuwa lili pamutu, ndipo mphepo ikakana pobwerera umafika padoko nsomba zitayamba fungo. Phewa langa lamanja nalonso silikokanso chingwe ngati kale. Chaka chatha chonse Zakiya sanadandaule ngakhale kamodzi, koma ndinkamuona akuwonjezera madzi mumphika wa mphodza.

Ngalawa ija anagula munthu wa kunyanja ya Manzala, kumadzi odekha. Thanga munasoka lija linapita nayo. Analiyala pamchenga, n'kuyendetsa chala m'misoko yonse kufuna pophotchoka, osapapeza. Atadzuka anafunsa kuti anasoka ndani. Ndinamuuza dzina lanu ndi la mudzi wathu.

Boti lokoka khoka tagula awiri, ine ndi mlamu wanga Fikri, mchimwene wake wa Zakiya. Tinazungulira nthawi yaitali. Maboti ena anali owala utoto ngati mkwatibwi, koma ndikalowetsa nsonga ya mpeni m'thabwa monga munandiphunzitsira, unkangolowa ngati m'dzungu. Kenako tinamva za boti la Rayisi Hilal, monga timaitanira oyendetsa maboti, nkhalamba ya pano imene ana ake onse anapita kukagwira ntchito ku Libya. Boti lake ndi lakale kuposa ukwati wanga. Utoto unasupuka, zitsulo zinadyedwa ndi dzimbiri, ndipo fungo lake limakulonjera usanafike.

Tinalikokera kumtunda ine n'kulowa pansi pake. Msana wake ndi nthiti zake n'zolimba, mpeni unkangobwerera. Matabwa owola ndinawapeza chakumbuyo kokha, ndipo mmisiri wasintha kale. Za injini ine ndilibe chimene ndikudziwa, amene amazitha ndi Fikri. Iye akuti m'mawa imatsokomola ngati wosuta fodya, koma ikatenthedwa imayenda tsiku lonse osanyinyirika.

Tsiku lotipatsa botilo, Rayisi Hilal analisisita m'mbali nthawi yaitali. Kenako anandiyang'ana n'kunena kuti, "Rayisi Awad, boti ili silinamizepo munthu. Koma kuvina! Malemu mkazi wanga sanavine chonchi ngakhale pa ukwati wathu." Ine ndinangoseka. Mumtima ndinkati, kodi ameneyu akuuza ndani za mafunde?

Ulendo woyamba tinatuluka m'mawa, mphepo ikuchokera kutsogolo kwenikweni. Bambo, sindikubisirani, ndinasangalala. Mphepo yoteroyo pa ngalawa bwenzi tikukhotakhota mpaka masana, koma ife tinangoilunjika pamphuno n'kudutsa. Ndinagwira chiwongolero ndi dzanja limodzi, phewa osamva kanthu.

Mavuto anayamba titaponya khoka, mafunde n'kumatimenya m'nthiti. Inu mukudziwa kuti ngalawa imatsamira mphepo, imapendekera mbali imodzi n'kukhazikika. Ili lilibe chotsamira. Limagwera uku, n'kugwera uko, n'kubwereranso, osapuma. Matambula a tiyi anauluka. Utsi wa dizilo unandilowa kukhosi. Ndiye ine mwana wanu, amene Amayi amati ndinayamba kuyenda m'ngalawa ndisanayende pamtunda, ndinagwira m'mphepete mwa boti n'kusanza pamaso pa antchito onse. Tsiku lonse ndinagona pa maukonde ngati thumba la anyezi. Akuti tinapha nsomba zambiri. Ine sindinazione.

Pofika padoko nkhani inali itafika kale, kaya inadzera pati. Nditalowa pomwera tiyi, wina anakuwa kuti, "Mupatseni mpando Rayisi, pansi pakugwedezeka apa!" Wina n'kuuza mwini malo kuti, "Tiyiyo umuthirire theka, wotsalayo n'kudyetsa nsomba." Mnzanga wina wosoka maukonde anafunsa Fikri kuti, "Kodi mlamu wakoyu ndi woyembekezera? Bwanji osatiuza?" Fikri n'kuyankha kuti akabadwa wamwamuna timutcha Dizilo. Ndinaseka nawo, nanga n'kutani.

Ndinkayesa kuti ndizolowera. Ndayesa kuyamwa ndimu, ndayesa buledi wouma, ndatulukapo ndi njala, ndatulukaponso nditakhuta. Azakhali ake a Zakiya anandimangira kachithumwa m'khosi. Ulendo uliwonse n'chimodzimodzi, ndipo malaya ayamba kundikulira.

Lachisanu lina titatuluka mumzikiti, Fikri ananditengera pambali. Tsiku limenelo sankaseka. Anati boti silingamayende ndi woyendetsa wogona, ndipo tsiku lina nyanja ikadzakwiya tidzataya anthu. Anati mwina ndizikhala kumtunda, ndizigulitsa nsomba ndi kuyang'anira maukonde, iye apeze rayisi wina. Sananene mwachipongwe ayi, ndipo sanalakwe. N'chifukwa chake zinandipweteka. Nditamuuza Zakiya, anati kwa iye zonse n'zabwino bola ndili moyo, koma akundidziwa: ndikakhala kumtunda ndizidzangoyang'ana kunyanja, ndipo m'nyumba simudzakhalika.

Mawa lake ndinapita kwa Rayisi Hilal. Ndinamupeza atakhala pakhomo akuwothera dzuwa, ndipo anayamba kuseka ndisanapereke n'komwe moni. Atatha kuseka anandiuza zimene sananene potigulitsa. Akuti botili likupangidwa linali ndi kamlongoti chakumbuyo, ndi kathanga kakang'ono. Sikanali koyendetsera, kanali kongoligwira kuti lisamagubuduke. Ana ake ndiwo anakazula, ati kankawachititsa manyazi, boti la injini kumaoneka ngati la amphawi. Ndinapita kukayang'ana, ndipo bowo la mlongotiwo lilipodi, anangolitseka ndi kathabwa.

Ndinazika mtengo wobwereka pamenepo, n'kumangapo chinsalu chofunditsira katundu. Antchito ankayang'anana. Koma titaponya khoka, mphepo inagwira chinsalucho, boti n'kutsamira, kuvina kuja n'kuchepa. Ndinaima pachiwongolero mpaka dzuwa kupendeka, ndi maso anga ndinaona khoka likukwera lodzaza. Kenako chinsalu chinang'ambika pakati, ine n'kubwerera kumalo anga a masiku onse pa maukonde paja. Komabe Fikri anaona. Wavomera kuti tidikire mpaka mphepo zazikulu za Januwale zitadutsa, pamene boti lidzakhale kumtunda, ndipo tikadzalibwezera m'madzi ndidzayesenso. Zikadzakanika pamenepo, ndidzatsika ndekha osadikira kuuzidwa.

Tsono pempho langa ndi limodzi, Bambo. Mundisokere thanga limeneli.

Osoka matanga kuno anatha. Amene watsala amasoka pa makina nsalu zotchingira dzuwa m'masitolo, ndipo msoko wake sungapirire mphepo ya kuno mwezi umodzi. Nsalu yokhuthala ndi ulusi ndapatsira Idris, mwana wa amalume, uja amagwira ntchito m'sitima. Miyeso ndajambula kuseri kwa pepala lino. Likhale la ngodya zitatu, lophwatalala, lopanda mimba ngati la ngalawa, ndipo m'ngodyamo mupinde kawiri monga mumachitira. Ngati maso sakulola, singano agwire Shaaban, inu muzimuuza ndi kumakhudza msoko ndi chala.

Sindikunamizani kuti thangalo lidzayendetsa boti. Idzayendetsa ndi injini, ndipo utsi udzakhalapobe. Ntchito yake idzakhala yongondiimiritsa ine. Mukakana ndidzamvetsa, koma sindipita kwa wina ndisanamve yankho lanu. Mlongoti weniweni ndagula kale, ndaupala, ndaupaka mafuta. Uli pabwalo, ndipo pakali pano Zakiya akuyanikapo zovala za ana.

Mundiperekere moni kwa Amayi, muwauze kuti chidede anatumiza chija tikumwabe, ndipo nsomba zamchere zimene wanyamula Idris ndi zawo, asagawe zonse. Moni kwa achemwali anga a Sakina ndi amuna awo, kwa amalume ndi banja lawo, kwa mkazi wa Shaaban ndi kakhanda kamene sindinakaonebe, ndi kwa onse amene mumakhala nawo pansi pa mtengo wa padoko. Zakiya akupsompsona dzanja lanu ndi la Amayi. Adzukulu anu akufunsa kuti agogo adzabwera liti kudzaona nyanja yopanda tsidya.

Mulungu akusungeni ndi kukuwonjezerani masiku.

Ndine mwana wanu,
Awad