Senti ya pa Chiliza cha Lacko

3 Okutobala 1943
Thupi silibwera. Akuti mwana wathu Lacko anamuika komweko ku Italy, kumene anafera ku nkhondo. Bambo mfumu atilola kumanga chiliza m'manda a tchalitchi, ngakhale pansi pake palibe munthu. Wosema miyala akufuna ndalama ya chilembo chilichonse. Ine mmisiri wa simenti, ndilipire wina pa mwana wanga? Ayi.

10 Okutobala
Ndathira simenti. Dzina ndalemba ndi msomali. Zaka ndachita monga ndimachitira pa khonde lililonse limene ndamanga muno mu Pennsylvania: kukanikiza senti ya chaka chimenecho simenti isanaume. Kumanzere ya 1923, yamkuwa, chaka chimene anabadwa. Kumanja ya chaka chino, yotuwa ngati chivindikiro cha chitini. Mkuwa wonse unapita ku nkhondo, ife atisiyira chitsulo. Mwana anatenga, mkuwa anatenga.
Verona mkazi wanga: "Bambo ake Lacko, imeneyi ndi ndalama kapena batani?"

14 Novembala
Mvula sabata yonse. M'mphepete mwa senti yachitsulo mwayamba dzimbiri. Mzere wofiira watsika mpaka pa dzina. Verona anauona, anakhala pansi m'matope.

21 Novembala
Ndamupeza kumanda ndi viniga ndi mchere, akukwecha. Ndi mmene amawalitsira mapoto amkuwa chikwatirane chathu. Ya 1923 ikuwala. Inayo akuipha. Mchere pa chitsulo! Ndinatsegula pakamwa, ndinatsekanso. Ndi ntchito yokhayo imene yamutsalira yomuchitira mwana.

Khirisimasi
Mbale ya Lacko pa tebulo. Palibe anaimba. Malasha atsala pang'ono, ntchito kulibe mpaka chisanu chithe.

19 Malichi 1944
Chisanu chatha. Senti yathanso. Nkhope kulibe, chaka kulibe, chipsera chokha. Verona sakudya. Akuti wafufuta mwana ndi manja ake. Ndinati vuto ndi chitsulo. "Munkadziwa?" Ndinati inde. Chiyankhulireni nane ndi pomwepo.

26 Malichi
Ndayenda mabanki awiri kufuna ya 1943 yamkuwa. Kalaliki anandiseka: "Achikulire, mukaipeza mudzandigulire nyumba." Dombek mnzanga wa pantchito akuti ndiike yachitsulo ina, ndiipake vanishi. Zaka ziwiri, dzimbiri lomwelo. Kumeneko ndi kumunamiza mwana.
Pachifuwa pakundiwawa. Ndalemba kuti pena palembedwe.

2 Epulo
Verona wayankhula. Waika senti pafupi ndi khofi wanga. Yatsopano, yofiira, 1944. Mkuwa wabwerera. Akuti akusungunula makoko a zipolopolo, kaya n'zoona.
Ndinati mwanayo 1944 sanaione. Moyo wanga wonse sindinanamepo chaka pa simenti.
"Ena anamulanda zaka zonse. Inu bambo ake mukumumana chimodzi?"
Ndinatuluka. Ndinakalipira galu wosalakwa.

9 Epulo
Pasaka. Misa itatha, kumanda ndi tchizulo ndi kasimenti m'chitini. Ndagoba yadzimbiri ija, ndaika yatsopano. 1923, 1944.
Verona anayang'ana. Kenako: "Ndiye chaka chimenechi achita nacho chiyani?"
Ndinati sindikudziwa.
"Januwale Lacko wabwera pa sitima, wawonda. Ndamuphikira kabichi wake uja."
Ndinati Malichi ndamutenga kuntchito, wandikhotetsera khonde, ndamukalipira.
Anaseka. Verona anaseka! Panjira anadya theka la buledi.

16 Epulo
Tsiku lililonse pa chakudya chamadzulo timawonjezako pang'ono. Tafika Juni. Verona wamukwatitsa kale kwa Ilka wa kubekale, tinakangana za oimba. Ine ndamupatsa mpeni wanga womangira, wabwino uja.
Lero ndinafuna kunena za Julayi. Anandigwira dzanja. "Osathamanga, bambo ake. Miyezi yatsala yochepa."
Tikhala mu Juni kaye. Pachifuwa payambanso. Disembala sindi—