Ababa Ayendera Mlomo Wanga

Loweruka, pakati pa Malichi. Tsiku lokoma, ngakhale mlomo watupa.

Lero ndabooletsa mlomo wam'munsi ku Lilongwe, kwa akatswiri. Mayi woboolayo anavala magolovesi n'kutsegula singano yatsopano ine ndikuona. Inalowera kunsi kwa mlomo n'kutulukira pamwamba, ndipo pano pali kachitsulo ka timitu tiwiri. Ululu unali wa kanthawi.

Amene ndinkawaopa ndi Ababa. Njira yonse m'minibasi ndinkaloweza zimene ndinawerenga, zoti akazi akale ankaboola mlomo n'kuvala pelele, kuti asanene kuti n'zachilendo.

Ndinawapeza m'chigafa akusoka fodya. Anapukuta manja, nandigwira chibwano n'kunditembenuzira kowala monga amachitira ndi tsamba.

"Wakusoka ndani iwe?"

Ndinayamba za pelele zija.

"Zam'mabukuzo zisiye. Singano inali yatsopano?"

"Inde, Ababa."

"Walasa pakati penipeni, sanang'ambe. Umuuze chaka chamawa adzandithandize kusoka." Anaseka. "Tsopano tuluka, fumbi lingalowe pabalapo."

Mfundo zanga zonse zapita pachabe, koma sindikudandaula. Ndatsuka kawiri ndi madzi amchere. Amayi abwera mawa kuchokera ku Simlemba, ndipo iwo sasoka fodya.