Chigamba cha pa Chombo cha Atate

Bombay, nyengo ya mvula, 1811

Okondedwa achemwali Yesubai,

Muli bwanji kumeneko ku Malvan? Nanga chifuwa cha amayi chinatha? Ine ndili bwino, kungoti phula landidya zala.

Kalatayi muwerenge muli nokha. Chombo chankhondo chija atate ankagwiramo ukalipentala chabweranso. Angerezi achilanda kwa Afalansa, amene anachigwira zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Dzina anachisintha, matanga ndi ena, mizinganso ndi yachilendo, koma matabwa ndi athu omwe aja. A Dorabji, akapitawo athu pano padoko, akuti chombochi chili ngati mkazi wokwatiwa katatu, amuna akusinthana koma mphuno ndi yomweyo.

Lachiwiri anandituma kukakanganula chigamba cham'mimba mwa chombo, pamene chipolopolo cha mzinga chinaboola pa nkhondo ija Afalansa anachigwira. Thabwa lake ndi loyera, lakwawo kwa Afalansa, misomalinso ndi yawo. Koma kuseri kwake ndinapeza kansomba kosema ndi tchizulo, kopanda diso, ngati kaja atate ankasema pa ntchito zawo. Ndinangokhala pansi pomwepo. A Dorabji anandifunsa ngati ndaona mzukwa kapena ndi ulesi wanga wa masiku onse. Nditawaonetsa, anasiya nthabwala. Anati mmisiri aliyense ali ndi chizindikiro chake, ndipo wakufa sakhoma chigamba.

Achemwali, bowolo linabooka pa tsiku limene anatiuza kuti atate anafa. Nanga analitseka ndani? Kodi Afalansa anawasunga chifukwa cha luso lawo? Mutu wanga sukugona.

Chombochi chinyamuka mvula ikatha, kubwerera kuchilumba kumene Angerezi anachilanda, ndipo akufuna kalipentala. Pempho langa ndi ili: pitani pa bokosi la zovala lija atate anakhoma, muyang'ane pansi pa chivindikiro. Muikepo pepala, mukhwekhwereze ndi khala, munditumizire msanga. Nsombazo zikafanana, ndikalembetsa dzina.

Amayi musawauze kanthu. Anaphwanya kale zibangili zawo monga achitira amasiye, ndipo sindifuna kuti alire maliro amodzi kawiri. Koma inu mukapita kumsika, mugule zibangili zobiriwira khumi ndi ziwiri, zija amavala akazi amene amuna awo ali moyo, mubise mumphika wa mpunga.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, kwa amalume, ndi kwa ana onse. Amayi muwagwire mapazi powapatsa ulemu m'malo mwanga.

Ndine mlongo wanu,
Bhikaji