Nkhukundembo Ili pa Ganyu

Darlene wanga,

Usavutike kufunafuna nkhukundembo ya phwando la Lachinayi mufiriji, ili kugalaja, ikugwira ganyu. Ndimasintha mashoko, masipuling'i akumbuyo aja, a njinga yamoto ya malemu bambo anga ija, ndiye mwaphuma ndamasula onse awiri nthawi imodzi. Njinga yangoti khu, matako pansi ngati chidakwa. Jeke yonyamulira njinga anaibwereka mnzanga Merle, ndipo m'nyumba muno chouma gwa ngati mwala chinali mbalame ya mufirijiyo basi. Yakwana pansi pa njinga ngati anachita kuyeza!

Ndathamangira kwa Merle kukalanda jekeyo. Chonde usayatse chotenthetsera kugalajako, chifukwa mbalameyo ikangofewa, njinga igwera galimoto yako.

Pepa, wokondedwa. Amayi ako akadzafunsa za chidindo cha njinga chili pachifuwa pa nkhukundemboyo, udzawauze kuti ndi kaphikidwe katsopano.

Wako wosamva,
Lonnie