Mwendo wa Mayi, Mwendo wa Mwana

Lolemba, 4 Ogasiti
Ndagwa ndi wilibala ya miyala ku mgodi. Misongolo yonse iwiri yasupuka, mabala ofanana ngati mapasa. Ukwati wa mwana wanga Christine pa 23. Womulowetsa m'tchalitchi ndine.

Lachiwiri, 5 Ogasiti
Nkhondo m'nyumba. Christine, poti ndi nesi, akuti bala lisaume: kutsuka, vaselini, bandeji. Mayi ake, Ndaziona, akuti bala lili ngati chimanga, limafuna dzuwa. Agawana miyendo. Wamanja wa mwana, wamanzere wa mayi. Ine sanandifunse.

Lachisanu, 8 Ogasiti
Tsiku lonse pakhomo. Wamanzere padzuwa, wamanja pamthunzi. Fumbi. Ntchentche zasankha mbali ya Ndaziona.
Christine anati, "Baba, khungu latsopano limakwawa ngati nkhono. Pachinyezi limayenda, pouma limaima. Nkhanambo ndi mwala panjira."
Moti ndili ndi nkhono m'mwendo.

Lamulungu, 10 Ogasiti
Komboni yathu yonse ya Chipadze yamva. Amayi a mvano abwera kudzapempherera wamanzere wokha. Phineas, mnzanga wa ku mgodi, wagwada, wanunkhiza yonse iwiri, wati iye ali kumbali ya mkazi wanga chifukwa amamuopa.

Lachinayi, 14 Ogasiti
Wamanja wofiirira bwino, wosalala, suwawa. Wamanzere nkhanambo yokhuthala ngati chikhokho. Ndikaponda imang'ambika, magazi. Ndayesa kuyenda mpaka pageti ngati tili m'tchalitchi. Sindinafike. Ndalira pang'ono kuseri kwa chimbudzi. Mwana mmodzi yekhayu, amulowetse Phineas m'malo mwanga?
Ndaziona akuti bala lake likuchira mwaulemu, silithamanga.

Loweruka, 16 Ogasiti
Christine wapita kukayesa diresi. Ndinagona masana pamkeka. Kudzidzimuka, wamanzere ukuzizira. Ndaziona wagwada ndi beseni, akufewetsa nkhanambo ndi madzi ofunda a mchere. Vaselini wa mwana ali pambali, bandeji pabondo.
Ndinatsekanso maso. Anandiona.
"Baba vaChristine, mukamuuza, muzikadya kwa Phineas."
Wakulunga bwinobwino, wandiveka buluku lalitali.

Lachitatu, 20 Ogasiti
Ndafika pageti ndi kubwerera, kawiri, osatsimphina kwambiri. Christine wadabwa. Akuti mwina dzuwa nalo lili ndi nzeru zake, akafunsa madokotala kuntchito.
Ndaziona wangoti, "Ukawafunse, mwanangu."
Ine nsima ndikudyabe pakhomo pano.