Phulusa la a Rute

Okondedwa achemwali anga a Agatha,

Moni wochokera kuno ku Kasungu. Kodi mwendo uja ukukulolani kufika kumsika wa Thuchila? Kwa mwana wanga Anthony tili bwino, kungoti fumbi landipatsa chifuwa. Akulemba ndi mkazi wake, ine ndikungolankhula, ndipo ndamuuza kuti asakometse mawu.

Achemwali, manyazi andigwira. Mukukumbuka chaka chija mpendadzuwa wanu unapsa masamba m'mbali, mapesi n'kugwa, pomwe wa a Rute, kungodumpha malire, unaima chilili, mitu ngati malichero? Ndine ndinayambitsa zoti a Rute amakawa mbewu za anzawo mwaufiti, poti ndinawaona akuwaza phulusa m'munda mwawo. Nkhaniyi ndinaikamba pamaliro, ndinaikamba kuchigayo, mpaka kuwonjezera zoti ankayenda chambuyo. Zimenezo sindinazione. Anthu ankagwira pakamwa, ine n'kumamva kukoma.

Lachiwiri Anthony ananditenga ku esiteti kumene amagwira ntchito. Mlangizi wa zaulimi wakumeneko anationetsa tsamba la mpendadzuwa lopsa m'mbali, lenileni lanu lija. Anati imeneyo ndi njala ya potashi, chakudya cholimbitsa phesi ndi kudzaza mafuta m'njere. Yureya amene ndinkakuumirizani uja akuti amangobiriwitsa masamba, potashi mulibe. Ine, pakamwa posatseka, ndinafunsa kuti nanga wosauka atani. Anati phulusa la nkhuni ndi la mapesi, lomweli mumapangira chidulo, limathandizako. Ndinangokhala pamzere, chipewa m'manja.

Mayi aja ankadyetsa munda wawo, ife tikuwatcha mfiti. Ndamva kuti mpaka lero akafika pamjigo macheza amatha, ndipo chitomero cha mwana wawo Sungani chinafera mbiri yomweyi.

Pempho langa ndi limodzi. Gwirani tambala wanga wofiira uja mupite naye kwa a Rute masana, anthu akuona. Kenako kalatayi ikawerengedwe Lamulungu panja pa tchalitchi anthu asanabalalike, osadumpha dzina langa. A Rute akakana tambalayo musawakakamize, sanalakwe.

Pa Khirisimasi ndidzabwera kudzagwada ndekha. Koma musadikire ine, achemwali. Mayi aja adikira kale zaka zinayi.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, kwa ana ndi adzukulu onse, ndi kwa amalume aku Milonde ngati makutu akumvabe.

Ndine mlongo wanu,
Mikaeli